Laputopu Yosalankhula ya Bambo Ake

Sikirini ya laputopu inada bii, kungotsala timizere toyera tonena kuti keneli yakanika kudzuka. Mtsikana uja anagwira tsaya. Mayeso a kukoleji anali atamugwetsa kale, abale n'kumamunena kuti mutu wake ndi wouma. Lero nayo kompyuta yamukana.

Bambo ake anachita khungu ndi matenda a shuga. Ku ofesi anawauza kuti ntchito yawo yomasulira zolemba iwadikira mpaka kutha kwa mwezi, bola apeze kompyuta yowawerengera mokweza. Koma laputopu yawo inali duu. Keneli, pulogalamu yaikulu yolamulira zitsulo zonse za m'kati, sinkachidziwa chipangizo cha mawu. Njira inali kumanga keneli yatsopano kuchokera ku kodi, malangizo olembedwa amene amapangira pulogalamu.

Amene munayesapo mukuidziwa ntchito imeneyi. Mafunso ambirimbiri, inde kapena ayi. Fani yoziziritsa ilira, makina atentha, udikira mpaka matako kuwawa, ndiye kumapeto kwenikweni akuuza kuti pakusowa kafayilo kamodzi. Zimapweteka, tisanamizane.

Potopa ndi kudikira, mtsikanayo anazimitsa zonse zomwe ankaziona ngati zopanda ntchito mu keneli yatsopanoyo, kuti imangike msanga. Anazimitsa ndi dalayivala yomwe, kapulogalamu koyendetsa disiki yosungira zinthu, moti keneli sinkaiona disiki imene inkakhalamo. Keneli yakale anali ataifufuta kale, eti yanjinso.

"Mwanangu, zisiye," anatero bambo ake. "Ndizingokhala pakhonde."

"Ayi bambo, simukalambira pakhonde ine ndilipo."

Anabwereka fulashi kwa wokonza mafoni wa pakona, n'kubwezeretsa keneli yakale. Anayambiranso, koma ulendo uno ankasintha chinthu chimodzi, kumanga, kuyesa, kenako china. Kuthamanga sikufika. Disiki inaoneka, kiyibodi n'kufa. Kiyibodi inadzuka, mawu ayi. Analira, anapukuta misozi, anamanganso.

Masana ena, mwezi uli pafupi kutha, laputopu inayaka ndipo inalankhula. Inawerenga mzere woyamba, wachiwiri. Bambo aja anaipapasa.

"Uiuze ichepetse liwiro," anatero. "Ndipo undisitire malaya oyera aja. Lolemba ndikupita kuntchito."

Inu amene mwakhala pamaso pa sikirini yakuda, kaya yanu ndi ya mtundu wanji, mverani. Sungani chimene chikugwira ntchito, konzani chinthu chimodzi, yesaninso. Osataya mtima, pali wina amene akudikira kuti mumalize.