Mapatapata a M'manja

Mapatapata amene mayi anandigulira chaka chimenecho anali obiriwira ngati fodya wa kunazale, ndipo sanali a kumapazi. Ine mapatapata ndinkavala m'manja. Miyendo yanga inafota ndisanayambe n'kuyenda komwe, choncho ndinakula ndikukwawa, manja patsogolo, mawondo omangidwa zigamba za chubu cha njinga pambuyo. Kukwawako ndinkakudziwa. Kusukulu ndinkapita ndekha, kudutsa m'mizere ya chinangwa ndi pakhwawa lamchenga, ndipo ana ena amiyendo yawo iwiri ankandipeza nditakhala kale m'kalasi.

Tinkakhala kwa amalume, cha ku Lukwa, bambo atamwalira. Anthu ankati ine ndi mayi tili ndi mwayi chifukwa amalume atisunga. Kutisunga anatisungadi, monga munthu amasungira nkhuku yoikira mazira.

Inali nyengo yosankha fodya, mphepo ya mwera ikung'amba milomo. M'mamawa, mame akafewetsa masamba, tinkawatsitsa pamikangala yoyanikapo m'chigafa n'kuyamba kupatula: ofiira pawokha, achikasu pawokha, aatali, aafupi, ong'ambika. Fungo lake linkalowa m'mphuno mpaka kummero, zala zinkada ndi phula, ndipo chilichonse chimene unkadya tsiku limenelo chinkawawa. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wokhala pansi, ndiye amalume anaona kuti Mulungu anawalengera wantchito. Ana awo ankasankha pang'ono n'kuzemba, wina kumpira, wina kudambo kokumba mbewa. Ine ndinkatsala. Alendo akabwera, amalume ankandiloza ndi chibwano n'kunena kuti, “Uyu ndiye wodalirika, sachokachoka.” Ndinkasekerera ndikamva zimenezo. Lero ndimaona kuti mawu omwewo akanatha kuyamikira nawo mtondo wosinjira.

Nkhalango ya nyama sinali kutali ndi kwathu. Njovu zinkabwera kudzadya chimanga, mudzi wonse n'kutuluka ndi zitini ndi miyuni kukazipirikitsa. Ine ankanditsekera m'nyumba. Njovu ndinkaidziwa ndi ndowe zake, komanso ndi mapazi amene inkasiya m'munda, amene ine ndinkatha kukhalamo ngati m'beseni. Za mvuu ndiye ndinkangoona pachithunzi cha m'buku la sukulu, tsamba lake lothimbirira. Ndinkafuna kuona chinthu chachikulu chamoyo ndi maso angawa, kamodzi kokha, osachita kuuzidwa ndi wina.

Ndiye kunabwera nkhani ya ulendo. Aphunzitsi amene ankayang'anira kalabu ya zachilengedwe anali ochokera kuboma, bambo a nsapato zonyezimira ngakhale m'fumbi la kwathu. Analengeza kuti kalabu ipita kunkhalango kukaona mvuu kudamu. Sindinakweze mkono pomwe ankalemba mayina, poti ndinali nditazolowera kuti zotere si zanga. Koma madzulo ake aphunzitsiwo anabwera okha kunyumba panjinga yawo. Mayi anawayalira mkeka n'kugwada patali. Aphunzitsi analankhula nthawi yaitali, mawu osalala ngati akuwerenga, ndipo ndimakumbukira chiganizo chimodzi: “Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mayi. Uyunso ayenera kupita nawo.”

Atangochoka, amalume anakana. “Akakaona mvuu, fodyayu asankhika yekha? Nanga njovu ikakamuthamangitsa, athawa ndi chiyani?” Funso lachiwirilo anangoliwonjezera kuti amveke ngati munthu wachisoni. Njovu imene inkawasowetsa tulo inali mabelo amene anali asanadinde.

Mayi sankawayankha achimwene awo. Munthu wodya kwa eni ake amaphunzira kumeza mawu. Koma tsiku limenelo anayankha, maso ali pansi: “Achimwene, gawo la mwanayu ndisankha ine.” Ndipo anasankhadi. Masiku otsatirawo ankalowa m'chigafa nkhuku zisanatsike, kusankha gawo lawo ndi langa la tsiku la ulendo, kuti amalume asapeze ponamizira. Fumbi la fodya linawapatsa chifuwa chimene sichinawasiye mpaka mvula. Anagulitsa mtedza wawo wa mbewu kuti andilipirire, zotsala n'kukagula mapatapata aja m'sitolo ya Msilamu wina kumsika. Anawaika m'jumbo n'kundilangiza kuti, “Usawavale m'njira. Ukavale ukakafika, pomwe ukatsike kupita kudamu. Akalewa angakuchititse manyazi pakati pa anzako.”

M'mawa wa ulendo anagwira thadzi lathu lofiira, lonenepa kuposa onse, n'kulimanga mwendo ndi luzi pamtengo wa nkhokwe. Kwathu munthu akakuchitira chachikulu supita kukathokoza chimanjamanja. Thadzilo linali la aphunzitsi, kuti tikabwerako madzulo mayi akawatulire.

Kusukulu kunaima lole yonyamula mabelo, yonunkhabe fodya. Kunabweranso bwana wina wa kuofesi ya maphunziro, atavala tayi. Anzanga onse atakwera, aphunzitsi anandinyamula okha. Anandinyamula pang'onopang'ono, natembenuka nane uku ndi uku kuti bwanayo ajambule bwino pafoni. Anthu anawomba m'manja. Mayi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ndinamva pambuyo pake kuti chithunzicho chinakhala pakhoma la ofesi ya ahedi zaka zambiri, mpaka chinafwifwa. Ine sindinachione, poti kuofesiko kunali masitepe.

Anandikhazika pansi pafupi ndi tayala lapadera. Matabwa a m'mbali mwa lole anali aatali kundiposa. Anzanga anaimirira atagwira zitsulo, ndipo titalowa pachipata cha nkhalango anayamba kukuwa: “Agwape! Taonani njiri, mchira m'mwamba!” Ine ndinkaona akakolo awo otuwa, ndi nsonga za mitengo zikudutsa kumwamba. Kutsogolo kwa lole kunali mpando, koma panakhala aphunzitsi ndi chikwama chawo. Kumbuyo kunali mgolo wa madzi woti munthu akanandikhazikapo. Palibe anaganizapo, ndipo ine sindinapemphe. Ndinkadziuza kuti agwape si kanthu, ine ndabwerera mvuu.

Lole inaima pansi pa mtengo waukulu. Msilikali wa nkhalango, mfuti ili paphewa, anati damu lili pafupi, tiyende pamzere, osasokosa. Ndinamasula jumbo ija. Ndinavala mapatapata atsopano aja, akununkha mphira, n'kukwawira kukhomo la lole kudikira wonditsitsa.

Aphunzitsi anabwera, nawerama kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga. Anandiitana “mwanawe” mokoma kwambiri. Anati kuno kuli anyani akuba, zikwama ndi kamba wathu sizingatsale zokha. “Ntchito imeneyi sindingapatse aliyense. Ndikufuna munthu wodalirika.” Anathyola kamtengo n'kundipatsa.

Wodalirika. Mawu a amalume omwe aja, atangovala nsapato zopolisha. Ndikawakumbukira lero malovu amandiwawa m'kamwa. Amalume ankadziwa chimene ankafuna kwa ine ndipo sankabisa kwenikweni. Aphunzitsi anandichotsa m'chigafa, kundiyendetsa mtunda wonsewo, kudyera ulemu pamsana panga, kenako n'kundikhazika m'chigafa china cha matayala. Sanandifunse ngati ndingathe kukwawa mpaka kudamu. Kundinyamula pamaso pa bwana kunali kopepuka, koma pamaso pa anyani ndinalemera.

Koma tsiku limenelo ndinadzimva kukula. Ndinavula mapatapata aja kuti asade ndi dzimbiri la lole, n'kuwabweza m'jumbo. Ndinasonkhanitsa zikwama zonse pakati, ndinakhala pambali pake ndi kamtengo kanga ngati mlonda wa kuokushoni ya fodya. Mzere wa anzanga unalowa m'tchire, dalaivala pambuyo. Kunatsala phee, kupatula njiwa ndi ntchentche zoluma. Mphepo ikatembenuka inkabwera ndi fungo la matope. Kenako ndinamva kulira kwakukulu, konenepa, ngati nkhalamba ikuseka m'mgolo. Zinali mvuu. Zinali pafupi moti mtima unandiuza kuti nditsike, koma lole inali yaitali, ndipo ine ndinali ndi udindo.

Anyani anabweradi. Mmodzi wamkulu anakwera pamatabwa n'kundiyang'ana m'maso ngati akufunsa chimene ndikuchita pamenepo. Ndinamenya chitsulo ndi kamtengo, ndikukuwa, mpaka anathawa. Nyama ya m'nkhalango imene ndinaona ndi maso anga tsiku limenelo ndi imeneyo basi, mtundu womwewo umene unkatibera chimanga kumunda.

Kunkhalangoko ndinadzabwererako patapita zaka, ndili wamkulu, panjinga yanga yopalasa ndi manja. Kanjira kopita kudamu ndi kosalala, kamchenga wolimba, kakafupi kuposa njira imene ndinkakwawa tsiku lililonse popita kusukulu. Mvuu ndinaziona, ndipo sizinandisangalatse monga ndinkayembekezera. Zinthu zina ukaziona mochedwa zimangokukumbutsa amene anakuchedwetsa.

Tsiku la ulendo lija, anzanga anabwerako kudamu akuyasamula mokokomeza, kutsanzira mvuu. Aphunzitsi anawerenga zikwama n'kuuza onse kuti awombere m'manja mlonda wathu, poti palibe ngakhale sikono imodzi yasowa. Ndinanyada mpaka makutu kutentha.

Mayi anandichingamira kusukulu dzuwa litapendeka, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, okonzeka kukatula nkhuku. Anandibereka, ndipo njira yonse ndinkalakatika pamsana pawo: za bwana wa tayi, za msilikali ndi mfuti yake, za nyani amene ndinamugonjetsa ndekha, za m'manja mmene anandiwombera. Ankangoti “eya, eya,” akutsokomola. Kenako anafunsa, “Nanga mvuu?” Ndinati ndazimva bwinobwino, zimalira chonchi, n'kuwatsanzirira.

Ananditsitsa pakhonde, natenga jumbo ija. Anatulutsa mapatapata n'kuwatembenuza. Kunsi kwake kunali koyera ngati ali m'sitolo, kapepala ka mtengo kakadali pomwepo, popanda ngakhale kamchenga kamodzi. Anawayang'ana nthawi yaitali, zala zawo zakuda ndi phula la fodya zikusisita timizere ta mphirayo. Amalume, amene ankamvetsera ali pakhomo la chigafa, anaseka n'kunena kuti, “Kulondera zikwama akanalondera konkuno, kwaulere.”

Mayi sanawayang'ane amalumewo. Anadzuka, napita kunkhokwe, nagwada pamene panali thadzi lija. Luzi linali litalimba, ndiye analiluma ndi mano mpaka linaduka. Thadzilo linaima kaye ngati silikukhulupirira, kenako linathamangira kuchinangwa. Mayi analowa m'nyumba n'kuvula chitenje cha kutchalitchi.

Ndinakwawa kuwatsatira, ndikufunsa kuti nanga aphunzitsi atani. Ndinalira madzulo amenewo mpaka chakudya kuzizira, ndipo mayi anandisiya ndilire. Ndinkalirira aphunzitsi, munthu wabwino amene anandisankha pakati pa ana onse, kuti mayi anga, osayamika, awamana nkhuku yawo.