Sanda ya Che Sufiyani

Amene anakwerapo sitima pa Balaka m'zaka za nkhondo ya Hitila anawaona Che Sufiyani, telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye, tepi ili m'khosi, mapazi ali jegedejegede pamakina. Anali munthu wa luso, koma wouma mutu ngati mtondo. Akati kabudulayu wakukwana ndiye kuti wakukwana, ngakhale ukulephera kupuma.

Mkazi wawo anamwalira kale, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Asiya. Mwanayu ndiye anali mtima wawo. Asilamu anzawo anawachenjeza kuti sukulu ya mishoni imameza ana, koma iwo anafuna kuti Asiya adziwe Chizungu, ndiye anamutumiza basi.

Masana akaweruka, mtsikanayo ankakhala pambali pa makina n'kumawapatsa bambo ake mawu atsopano. Tsiku lina anabwera ndi mawu akuti worship.

"Ndiye kupembedza, ababa. Asisitere akuti Azungu amatero ponena za kutchalitchi, za kumzikiti chimodzimodzi. Ngakhale woweruza milandu kuboma amamuti Your Worship."

"Mzungu wothimbirira ndi thukuta uja apembedzedwe?" Che Sufiyani anaseka mpaka singano inawabaya.

Kuseka kunatha chaka chimene Asiya anabatizidwa n'kukhala Anastasia. Anagwada pakhonde lomwelo, misozi ili mbwee, nati, "Ababa, inu ndi ine tonse tikupembedza. Mawu ake ndi amodzi omwe aja."

"Mawu a Chizungu sangamange mzikiti ndi tchalitchi denga limodzi. Nyamuka, ukunditchingira kuwala."

Ananena zimenezo mtima ukuwawa, koma ulemu wawo pakati pa anthu unawakulira kuposa mwana. Anastasia anakwatiwa ndi mphunzitsi wa Chikatolika kwa Kalembo. Zaka zisanu ndi zinayi makalata ake ankabwera, iwo n'kumawaika m'kabati ya makina osatsegula. Ankati adzapita mvula ikatha, kenaka ankati akakolola. Mawa salephera kucha, munthu ndiye amalephera.

Lachisanu lina m'mawa, chaka cha njala cha 1949, panafika bambo wa njinga, fumbi lokhalokha. Anati Anastasia wamwalira mbandakucha pobereka, ndipo apongozi ake, mayi Martina, akuti mufulumire, maliro ndi lero.

Che Sufiyani anaimitsa makina. Kenaka anayamba kuwerengera mwaukatswiri wawo uja. Akhristu kuika maliro tsiku lomwelo? Iyayi. Amenewo ndi machitidwe a Chisilamu. Akhristu amayamba akhoma bokosi, n'kuchezera kuimba, kudikira wachibale aliyense. Lero lawo ndi mawa. Ndipo atatha zaka zonsezi, akafika bwanji chimanjamanja? Chimene anamumana ali moyo sakanathanso kumupatsa, koma akanatha kumukulunga mu sanda yodula ndi manja awo, monga anachitira ndi mayi ake.

Wa njinga uja anati akwere. Iwo anati atsogole.

Mmwenye anali atatseka sitolo kupita ku Juma, mapemphero a Lachisanu. Che Sufiyani anamudikira mpaka masana, nasankha bafuta woyera wabwino koposa, namudula zidutswa zisanu zoyenera mkazi. Muyeso sanafunse munthu. Madiresi onse a mwanayo anasoka ndi iwo. Dzuwa litapendeka anauyatsa wapansi, nagona panjira kwa mnzawo wina.

Anafika kwa Kalembo kutacha, mtolo uli kukhwapa. Pabwalo panalibe nyimbo. Amayi ankasesa phulusa la pasiwa, ena akubweza mphasa zobwereka.

Mayi Martina anatuluka m'nyumba, nawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Asewere, mwafika."

"Ndafika. Mwana ali kuti? Ndabwera ndi nsalu yake."

Mayiyo anayang'ana mtolowo n'kuyamba kulira mwakachetechete. Anawatsogolera kuseri kwa mudzi, pansi pa mitengo ya masawu, pomwe panali mtumbira wa dothi lofiira losauma.

"Ife sitichita chonchi, asewere, inunso mukudziwa. Ananena yekha ataona kuti mphamvu zikutha. Anati mundiike tsiku lomwelo monga kwathu, dzuwa lisanalowe, kuti ababa akabwera asachite manyazi pamaso pa anzawo. Abale athu ena sanafike n'komwe. Tinaima ndi bokosi pamphambano paja, maso kumsewu, mpaka dzuwa linafiira."

Che Sufiyani anakhala pansi pafumbi, munthu amene sankalola ngakhale ulusi kumamatira pa mkanjo wake. Anamasula mtolo uja pamiyendo, nayamba kusalaza bafutayo ndi chikhatho. Anthu anaima patali.

Patapita nthawi anadzutsa nkhope, nafunsa ndi mawu a munthu wosochera, "Nanga nsaluyi ndimuveke ndani?"