Jekete ya apongozi

Nolitha anasiya ntchito yosoka ku East London kuti azikasamalira apongozi ake, a Gcinikhaya, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Kwa zaka zisanu ankawadyetsa, kuwatembenuza ndi kuwachapira zofunda.

Tsiku lina kunabwera mayi wa boma kudzaona ngati mkuluyo akufunikadi thandizo lolipirira wowasamalira pakhomo. A Gcinikhaya anakana kulandira mlendo ali chigonere, ndiye Nolitha anawaveka jekete n'kuwakhazika pampando.

"Bambo, mumatha kusamba nokha?" anafunsa mayiyo.

"Zonse ndimachita ndekha. Uyu amangondiphikira tiyi."

Mtengwa satsutsa apongozi pamaso pa mlendo. Nolitha anangoyang'ana pansi, ndipo mayiyo analemba kuti thandizo silikufunika.

Galimoto itangonyamuka, a Gcinikhaya ananena chapansipansi, "Mwananga, ndinyamule. Ndadzikodzera."