Tsiku Limene Mzungu Analawa Mankhwala a Mbuzi

Chaka chimene mbuzi za kwathu zinayamba kufa, tinkakhala mothithikana m'linga pafupi ndi Bandawe chifukwa choopa nkhondo ya Angoni. Panalibe wolimba mtima wokadyetsa ziweto kumtunda. Mbuzi zonse tinkazimangirira padambo la kuseri kwa linga, malo omwewo tsiku ndi tsiku, kuti mfuu ikamveka tizikokere m'kati msanga. Mvula inachedwa kusiya, ndipo dambolo linangosanduka matope ndi ndowe.

Ine ndinali ndi mbuzi imodzi yaikazi, yakuda, ya banga loyera pamphumi. Anandipatsa ndi asibweni, mlongo wawo wa ama, ada, bambo anga, atamwalira. Pondipatsa anati, "Iyi ikaswa, khola la nyumba ya amako layamba." Nthawi imene ndikunenayi inali ndi bere lake loyamba.

Matendawo ankabwera mwakachetechete. Mbuzi inkawonda ikudya ndithu, inkatsalira m'mbuyo poyenda, kenako pansi pa chibwano pankatupa ngati mwalowa madzi. Ukatsegula chikope, m'kati munkakhala moyera ngati chinangwa chosenda. M'mawa wina ndinatsegula chikope cha yanga ndi kupeza kuti kufiira kwayamba kutha. Sindinauze munthu.

Pamishoni panali mzungu wina woyang'anira munda ndi ziweto, osati amene ankatiphunzitsa kuwerenga. Mbuzi zake nazonso zinkafa. Iye anatumiza mawu akuti mbuzi ikafa tizipita nayo kwa iye tisanaisende. Anthu anaseka, nati mzungu wapeza njira yodyera ndiwo za eni. Koma itafa ina ya asibweni, asibweniwo anandiitana.

"Gwira miyendo yakumbuyo. Mzungu uja amalankhula Chinyanja cha kusukulu kwanu, ine ndi Chitonga changa sitikamvana. Ukakhale pakamwa panga."

Mzunguyo anaigoneka pathabwa kuseri kwa nyumba yosungiramo zida. Sanaitumbule mmene timachitira ife, mothamangira nyama. Ankadula pang'onopang'ono, kutulutsa chiwindi, kuchipsinja ndi chala, kuchiika pambali, kenako mapapo chimodzimodzi. Magazi anali ochepa ndiponso amadzimadzi. Atafika pa chifu chomaliza, chimene chimalumikizana ndi matumbo, anachitsegula ndi kuchitsukuluza m'mbale ya madzi. Pansi pa mbaleyo panatsala tinthu ngati tiulusi ta thonje, tina tikugwedezeka. Anatipatsa galasi lokulitsa zinthu. Nditayang'ana, ndinaona kuti ndi nyongolotsi, iliyonse yopotana zofiira ndi zoyera ngati chingwe cha ukonde.

Anati nyongolotsi zimenezo wazipeza m'mbuzi iliyonse imene watumbula, ndipo ndi zimene zikumwa magazi. Ankaganiza kuti mbuzi zimazimeza pamodzi ndi udzu wonyowa, koma anati sangalumbire.

Nditamasulira, asibweni anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali, kenako anati, "Mufunse ngati nyamayi atibwezera."

Anatibwezera yonse, kupatula chifu. Potikulungira m'masamba a nthochi, ananena kuti kwawo oweta nkhosa ali ndi mankhwala a nyongolotsi, koma iye sanawayesepo pa mbuzi za kuno. Mwina angachize, mwina angaphe mbuzi yofooka kale. Ankafuna kumwetsa zina, zina kuzisiya, kuti aone kusiyana kwake. Kenako anandiyang'ana ine.

"Iwe uli ndi mbuzi?"

"Inde, bwana."

"Ikudwala?"

"Yayamba, bwana."

"Ungabwere nayo mawa?"

Ine kukaniza munthu wamkulu kumandivuta chibadwire. Ndinangomva pakamwa panga pakuvomeranso. Kunyumba ama atamva, anasiya kusenda chinangwa.

"Mbuzi ya bere, mwana iwe? Kwa munthu amene wanena yekha kuti sakudziwa?"

Ndinati ikapanda kumwa ifabe ngati zinzake. Ama anati yofa yokha ndi yophedwa si chimodzi. Sanandiletse, koma sanandilankhulenso tsiku limenelo.

M'mawa mwake pafupifupi linga lonse linatitsatira, ambiri opanda mbuzi, kudzangoonerera. Mzungu anatulutsa botolo la madzi onunkha utomoni, amene akalipentala a pamishoni ankasungunulira utoto, nathira pang'ono m'mafuta a mtedza. Fungo lake linkalasa m'mphuno. Anathira m'nyanga ya ng'ombe yobowola kunsonga, nandiuza kuti ndiipanire mbuzi pakati pa miyendo yanga. Mtima wa mbuziyo ndinkaumva m'mawondo mwanga.

Nyanga isanafike pakamwa pa mbuzi, asibweni anagwira dzanja la mzungu.

"Muuze ayambe walawa yekha. Mankhwala ali m'botolo lake, wasakaniza ndi manja ake, ife sitinaone mtengo umene achokera. Amwe tione."

Kwathu sing'anga samwetsa munthu mankhwala asanamweko yekha pamaso pa abale a wodwala. Aliyense amene analipo ankadziwa zimenezi, ndipo onse anavomereza ndi mutu. Wosadziwa anali mzungu yekha, ndipo womuuza ndinali ine. Ndinayang'ana pansi ndi kunena motsitsa mawu kuti asibweni akufunsa ngati mankhwalawo ndi owawa.

"Mawu anga anali ataliatali, ako afupika bwanji?" anatero asibweni. "Nena onse."

Ndinanena onse, ndikuyembekezera kuti mzungu akwiya ndipo mwina andichotsa sukulu. Iye anandiyang'ana, nayang'ana nyanga ija, kenako anaseka.

"Uwauze kuti ine ndilibe nyongolotsi."

Nditamasulira, asibweni sanaseke. "Ada," anatero molunjika kwa mzunguyo, "m'mimba mwanu munatumbulamo liti kuti mudziwe?"

Anthu anagwa ndi phwete. Mzungu atamva tanthauzo lake anafiira mpaka makutu, koma anathira pang'ono m'supuni ndi kuika m'kamwa. Nkhope yake inakwinyika ngati chikopa chouma padzuwa. Atatembenuka kuti alavule, asibweni anakweza chala.

"Ameze."

Awa sindinachite kumasulira. Anameza, natsokomola mpaka misozi kutuluka. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mbuzi yoyamba yamwa! Imangeni chingwe ingathawe!" Asibweni anadikira kanthawi, akumuyang'ana ngati agwa. Ataona kuti waimabe, anamulola kuti aimwetse mbuzi.

Mbuzi yanga inamwa ikuphiriphitha. Mzungu anaimanga kansalu kofiira m'khosi kuti izidziwika kuti yamwa. Anthu amene anabwera chimanjamanja anayamba kuthamangira kulinga kukatenga zawo, mpaka iye anachita kuwakumbutsa kuti zina ziyenera kutsala zosamwa. Pamenepo panali mkangano, chifukwa tsopano aliyense ankafuna yake imwe.

Pobwerera mbuzi yanga inkadzandira ngati yaledzera. Titafika inagona pansi, mutu pamimba, ndipo masamba a mkuyu amene ndinaithyolera sinawanunkhize n'komwe. Ama ankadutsa pafupi osayang'ana, koma ndinawaona akuika kambale ka madzi pamene ikanatha kufikira. Tsiku lotsatira inafa mbuzi ina ya kansalu kofiira, ya mnansi wathu, ndipo anthu anayamba kuyang'ana kunyumba kwathu ngati pagwa maliro. Mzungu anaitumbula nayonso. Nyongolotsi zambiri anazipeza zitafa, koma mankhwala ena anali atalowa m'mapapo. Anavomera pamaso pa onse kuti anathira mofulumira, mutu wa mbuzi atautukula kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo ankathira pang'onopang'ono. Ine ndinkangoganiza mmene yanga inaphiriphithira, ndikudzifunsa kuti mankhwala ake anapita kuti.

Mzungu anapemphanso kuti mbuzi zichoke padambo. Akuluakulu atakambirana, anavomera kuti tizizimangirira pamiyala ya kumbali ina ya linga, pouma, ndipo tiziwadulira masamba. Yanga ndinachita kuinyamula. Kumeneko ndi kumene ndinaipeza masana ena itaimirira yokha, ikukoka tsamba la mkuyu ndi milomo. Ndinathamanga kukauza ama. Iwo anangoti, "Kudya si kuchira," koma anabwera kudzaona.

Mzungu ankabwera kawirikawiri, kutsegula chikope cha mbuzi iliyonse. Mvula itasiyiratu anatiuza zimene waona. Mwa za kansalu kofiira zambiri zinachira, zina zinafa. Mwa zosamwa zinafa zochulukirapo, komabe zina zinachira zitangochoka padambo. Choncho sakanatha kunena kuti chathandiza kwambiri n'chiyani, botolo kapena miyala, ndipo anati ayesanso mvula ikubwerayo.

"Alawanso," anatero asibweni, ndipo ulendo uno ndinamasulira mawu awo onse.

Chikope cha mbuzi yanga chinayamba kufiira pang'onopang'ono, ndipo chotupa cha pansi pa chibwano chinaphwa. Mantha amene ananditsalira anali a bere, poti mwina mankhwala aja anapha mwana m'mimba. Ndinkaika dzanja pambali pake m'mawa uliwonse osamva kanthu kodalirika.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza ama ali pamiyala paja, atagwada. Ndinaganiza kuti mbuzi yafa, ndipo ndinaima patali osafuna kuyandikira.

"Waimiranji pamenepo?" anatero osatembenuka. "Bwera ndi udzu wouma. Kamwanaka kakunjenjemera."

Kanali kakakazi, kakuda ngati make, konyowabe, kakuyesa kuima n'kugwa. Make ankakanyambita, kansalu kofiira kaja kali m'khosi, katachita dothi. Nditafuna kumasula kansaluko, ama anandigwira mkono.

"Kasiye. Pita ukauze asibweni ako kuti khola layamba."