Zipolopolo Zimene Ndinayanika Padzuwa

Ndili ndi mlandu umene khoti silinandizenge ndipo apolisi sanaulembe m'mabuku awo. Mlanduwo ndi wakuti ndinamva mfuti ikulira molakwika, ndinadziwa tanthauzo lake, koma ndinatseka pakamwa n'kuipereka m'manja mwa munthu wina. Inu owerenga, makamaka inu amene mumasunga mfuti ya chiphaso m'nyumba, kapena mukulakalaka kukhala nayo, ndimvereni mpaka kumapeto. Dzina langa sindilitchula chifukwa manyazi sanandithere.

Kwathu n'kuchigwa cha Shire, koma ndakhala ku Machinjiri zaka zambiri. Bambo anga anali kapitawo wa alonda pa esiteti ina, ndipo anali ndi mfuti ya m'manja, ija yokhala ndi kagudumu kolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Atamwalira, tsiku logawa katundu wa malemu, akuluakulu anagamula kuti mfuti ipite kwa ine mwana wamwamuna woyamba. Pamodzi ndi mfutiyo anandipatsa chitini cha mabisiketi chodzaza ndi zipolopolo. Azakhali anga anandigwira pamkono anthu onse akuona, n'kundiuza kuti zimenezo bambo ankazisunga ngati mbewu, ndisataye ngakhale chimodzi. Ndinalonjeza. Kwathu chinthu cha malemu sungachitaye ngati chiguduli, anthu angakutche mwana wopanda mwambo.

Za mapepala ndinatsata bwinobwino, chiphaso chinatuluka m'dzina langa. Zolinga ndinali nazo ziwiri. Ndili ndi munda kuseri kwa Machinjiri, m'munsi mwa phiri, kumene nguluwe zinkandithera chinangwa. Komanso, ndinene zoona, ndinkangokonda kuwombera chandamale. Ndine munthu wosafuna kupambanidwa, ndipo khalidwe limeneli mkazi wanga analidandaula kuyambira tili pachibwenzi.

Nditafika nacho chitini chija kunyumba n'kuchitsegula, munatuluka fungo la matope. Ndinakumbukira kuti miyezi ingapo bambo asanamwalire madzi osefukira analowa m'nyumba mwawo, ndipo chitinicho chinali pansi pa bedi. Pansi pa chitinicho panali padakali chinyezi, ndipo zigoba za zipolopolo zina zinali zitachita ndere yobiriwira. Ine mwana wa kuchigwa, chinthu chikanyowa ndimadziwa mankhwala ake amodzi okha. Ndinayala mkeka kuseri kwa nyumba, ndinaziyanika padzuwa masiku atatu monga timachitira ndi mpunga, kenako ndinazipukuta ndi kansalu konyika m'mafuta ophikira mpaka zinawala. Mkazi wanga ankadutsa patali ndi mkekawo akamakayanika zovala, ndipo anandiuza kuti mtima wake sukumasuka. Ndinamuseka.

Mpope wa mfutiyo, chitsulo chija chodutsa chipolopolo, unali waufupi ndiponso wodyeka mkati. Anthu anandilozera kwa a Makwinja ku Bangwe, bambo wachikulire wokhala ndi chilolezo chokonza mfuti. Anali munthu wosathamanga polankhula. Anandifunsa kuti mfutiyo ndikufuna ndizichita nayo chiyani, ndipo nditawafotokozera anati mpope waufupi ndi wa munthu wofuna kudziteteza pafupi, koma wa chandamale ndi ulenje umafunika wotalikirapo kuti diso lizilondola bwino ndiponso dzanja lisamagwedezeke kwambiri. Anati andiikira wina. Kenako anandiphunzitsa za zipolopolo: zopepuka n'za chandamale, sizitopetsa dzanja, zamphamvu n'za nyama, kuti nguluwe ife msanga osati ithawe ndi bala. Zonse ziyenera kugwirizana ndi nambala yolembedwa pamfuti, ndipo osazisakaniza m'thumba limodzi.

Ndinamvetsera mosangalala mpaka pamene ndinatulutsa chitini changa monyadira. A Makwinja anatenga chipolopolo chimodzi, anachinunkhiza, n'kuchiika patebulo pang'onopang'ono. Anandifunsa ngati zinalowapo madzi. Ndinati pang'ono chabe, koma ndinaziyanika. Nkhope yawo inasintha.

"Achimwene, onga si mpunga," anatero. "Izi kaperekeni kupolisi akaziwononge. Chipolopolo chonyowa chikanakhala chongofa, bwenzi zili bho. Vuto n'lakuti china chimalira theka, n'kukakamira mumpope. Mukadzamva mfuti yangoti phu, osakukankhani dzanja, musadzawombenso. Chachiwiri chikapeza njira yotseka chimadzitsegulira yake."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkati mkuluyu akufuna ndizigula zatsopano basi. Mpope utaikidwa ndinapeza bokosi la zipolopolo zopepuka ndi zamphamvu zingapo, monga ananenera. Koma chitini chija sindinapite nacho kupolisi. Ndinadutsa pakhomo pa polisi kawiri chili m'chikwama, ndipo kawiri konse mawu a azakhali anandibweza.

Tsopano ndikuuzeni za alamu anga, a Vitumbiko, mchimwene wake wa mkazi wanga. Kwawo n'kumpoto, amagwira ntchito ya boma ndipo amakhala ku Chilomoni. Kutchalitchi kwawo ndiwo ankaimba kiyibodi, ndipo anthu ankawaitana m'maukwati mpaka ku Zomba chifukwa cha zala zawozo. Ine ndi iwo tinkagwirizana kwambiri, koma chilamu chathu chinali cha kunyogodolana. Iwo ankati ife a kuchigwa timadziwa kupalasa bwato kokha, ine ndinkati iwo akumpoto amavala tayi ngakhale popita kumunda. Atamva za kuyanika zipolopolo anaseka mpaka misozi, ndipo kuyambira tsiku limenelo akandiona ankafunsa ngati mpunga wanga wauma. Ndinkaseka nawo, koma pansi pa mtima zinkandibaya, chifukwa ankaseka chinthu cha bambo anga.

Loweruka lina m'mawa, nyengo yotentha mvula isanagwe, tinapita kumunda kwanga. Kumeneko kuli chidzenje chimene anthu ankaswamo miyala kale, chokhala ndi khoma ladothi lalitali, malo abwino owomberako popanda kuopseza munthu. Mkazi wanga anatiperekeza mpaka pageti, chinthu chimene sachita kawirikawiri, ndipo anandifunsa motsitsa mawu ngati chitini chija ndachisiya. Ndinati ndachisiya. Zipolopolo zake zisanu ndi chimodzi zinali m'thumba la buluku langa.

Tinakhoma katoni pamtengo wouma, tinajambulapo mzere wozungulira ndi khala, tinatseka makutu ndi thonje n'kuyamba. Mpope watsopano unkagwira ntchito mokoma. Koma alamu, amene anali atangogwirapo mfuti kangapo moyo wawo wonse, ankalasa pafupi ndi pakati kuposa ine mwini wake. Zala za woimba sizinjenjemera. Pamene zipolopolo zopepuka zinkatha, ine ndinali nditafufuma kale ndi nsanje.

"Basi tizipita, alamu," anatero akuseka. "Kapena mwabweretsako mpunga uja?"

Akanapanda kunena mawu amenewo mwina ndikanabwerera nazo kunyumba. Sindikunena izi kuti ndiwaponyere mlandu, ayi. Iwo ankangocheza monga mwa masiku onse. Ine ndi amene ndinapisa m'thumba n'kunena kuti lero muona kuti bambo anga sankasunga zinyalala. Ndinadzaza kagudumu konse. Sindinkadziwa n'komwe ngati zipolopolozo zinali zopepuka kapena zamphamvu, chifukwa zolemba zake zinali zitafufutika.

Choyamba chinalira mwamphamvu, chinandikankha dzanja kuposa zonse za m'mawawo, ndipo fumbi linabuka pakhoma. Ndinayang'ana alamu monyada. Chachiwiri chinachedwa. Ndinakoka kachitsulo kowombera, panakhala kamphindi kachete, kenako n'kulira. Pamenepo m'pamene munthu wanzeru akanalekera. Ine ndinaongolanso mkono.

Chachitatu chinangoti phu.

Dzanja silinakankhidwe. Pakhoma sipanabuke fumbi. Kautsi kochepa kanatuluka m'mbali mwa kagudumu, konunkha mwachilendo. Inu owerenga, sindikufuna kudzibisa kuseri kwa mawu akuti ndinasokonezeka. Mawu a a Makwinja anandibwerera onse, mpaka mmene anaikira chipolopolo chija patebulo. Ndinadziwa kuti mumpope mwatsala chinthu.

Alamu anali ataima chakumbuyo, thonje lili m'makutu, maso ali pakatoni. Sanamve kusiyana kwake. Anangoona kuti sindinalase kanthu, ndipo anaseka n'kunena kuti ndaphonya ndi phiri lomwe. Anatambasula dzanja lamanja kuti ndiwapatse andionetse kawombedwe. Chimene ndinkafunika kunena chinali chachifupi: imani kaye, mfuti yatsekeka. Koma kunena zimenezo kunali kuvomera kuti iwo ndi a Makwinja ndi mkazi wanga ankanena zoona, ndiponso kuti nthabwala ya mpunga idzanditsata mpaka kumanda. Ndinadzinamiza kuti mwina chipolopolocho chatuluka n'kugwera pafupi. Ndinawapatsa mfuti. Ndipo chimene chimandisowetsa mtendere koposa n'chakuti nditawapatsa ndinabwerera m'mbuyo mapazi awiri.

Atawomba, phokoso lake silinali la mfuti. Linali ngati mbaula yachitsulo yagwa kuchokera padenga. Nditatsegula maso alamu anali atagwada, atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, akuliyang'ana osalira. Mpope unali utang'ambika, ndipo chitsulo cha pamwamba pa kagudumu chinali chitathothoka. Magazi ankadontha pamiyala. Ndinavula shati n'kuwamanga, ndinawakweza m'galimoto yawo n'kuyendetsa ndekha pamsewu wafumbi uja mpaka kuchipatala. Njira yonse ankangondifunsa ngati ine sindinavulale.

Madokotala anapulumutsa dzanja, koma zala ziwiri zinapita, ndipo chala chachikulu sichipindikanso. Apolisi anabwera, ndinawauza kuti mfuti inangophulika. Anatenga zotsala zake ndi chitini chija, chiphaso changa chinathera pomwepo, ndipo nkhani inalembedwa kuti ngozi. Achibale ankandipepesa ine ngati kuti ndine wovulala. Azakhali anatumiza uthenga wakuti mwina malemu sanakondwe ndi mpope wachilendo. Ndi a Makwinja okha amene sanandipepese. Ndinakumana nawo ku Limbe patapita milungu ingapo, anali atamva kale, ndipo anangondifunsa ngati sindinamve kalikonse mfuti isanaphulike. Ndinati sindinamve. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza ulendo wawo osatsanzika.

Ndinasenza bodza limenelo chaka chathunthu. Ndinkapita ku Chilomoni kukawaona alamu, ndinkawapeza akuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo kiyibodi yawo inali itavundikiridwa ndi chitenje pakona. Ndinaonda, ndinkakwiya ndi zinthu zazing'ono, ana anayamba kundiopa. Tsiku lina mkazi wanga anandifunsa mwachindunji chimene chikundidya, ndipo ndinamuuza zonse, mpaka za mapazi awiri aja. Sanakuwe. Anangoti si iye woyenera kumva zimenezo, ndipite kwa mwini dzanja.

Ndinapita Lamulungu masana. Ndinawapeza pakhonde, ndinakhala pansi osati pampando, n'kuwafotokozera. Ndinkalakalaka atangondimenya. Kenako anati, "Ndiye munamva, alamu?" Ndinati ndinamva. Anagwedeza mutu n'kunena kuti andikhululukira chifukwa cha mlongo wawo ndi ana, koma ndiwapatse nthawi. Nthawiyo ndikuwapatsabe. Timaonana pamaliro ndi pamaukwati, timalankhulana mwaulemu, koma chilamu chija chinatha. Sanandinyogodolenso ngakhale kamodzi, ndipo ndimalakalaka atandifunsanso za mpunga.

Inu owerenga, ngati muli ndi mfuti, mverani amisiri ake pa nkhani ya mpope ndi zipolopolo, ndipo musawombe chipolopolo chimene simukudziwa kumene chagona. Chonyowa, chandere, chofufutika zolemba, kaperekeni kwa oyenera ngakhale chitakhala cha bambo anu okondedwa. Malemu mungawalemekeze ndi chipewa chawo kapena ndodo yawo, onga sudziwa maliro. Mfuti ikalira mwachilendo, lekani pomwepo, ndipo nenani mokweza kuti aliyense amve. Musekedwa tsiku limodzi, mwina chaka, koma kusekedwa sikudula chala cha munthu.

Kwathu kuno kupereka moni ndi dzanja lamanzere n'chipongwe, ndipo alamu anga analeredwa mwaulemu kwambiri. Mwezi watha tinakumana paukwati wa mphwawo. Kutsogolo kiyibodi inkaimbidwa ndi munthu wina. Atandiona anaimirira, anabisa dzanja lamanja m'thumba la jekete, anandipatsa lamanzere, n'kunena motsitsa mawu anthu akumva, "Pepani alamu, ndakupatsani lamanzere." Iwo kupepesa ine. Ndinangoligwira dzanjalo ndi manja anga awiri, onse athunthu.