Chivundikiro cha Chitsime cha a Cyprian

A Cyprian Mbewe anagwira ntchito zaka makumi awiri pa fakitale ina ya mipando ndi mawadiropu, ndipo zaka zonsezo sowo sanaigwirepo. Ntchito yawo inali imodzi basi, kukwecha matabwa ndi sandipepala mpaka asalale. Koma inu, fakitale itatsekedwa, munthu uja anabwera kunyumba ku Makoni atasanduka mmisiri, pensulo kukhutu, tepi m'thumba. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi, n'kudzathera mphamvu m'mafamu a fodya kuno kudziko la Ashona kuti mwana aphunzire kanthu. Mwanayo n'kuphunzira kusisita thabwa.

Kusisitako ndiye kunali kudziwa kwawo konse. Mukawapatsa pulayiwudi, ankayendetsa chikhatho pamwamba, maso ali tsinzinu ngati akulawa ndiwo, kenako n'kugamula kuti, "Uyu ndi nambala wani." M'mbali mwake, mmene mumaoneka timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi tija, sankayang'anamo n'komwe.

Wodziwa pulayiwudi pakhomopo anali mkazi wawo, a Florida, koma ndani akanawafunsa? Iwo anaphunzirira pamoto. Zaka zonse zija, magetsi akathima, ankaphikira zidutswa zimene amuna awo ankabwera nazo kuchokera kuntchito, ndipo mulu wake unkakhala kuseri kwa bafa, mvula n'kumaugwera. A Florida anaona okha kuti wa nkhope yokongola ya mlombwa uja, wopangira mawadiropu, akanyowa kawiri amatupa n'kumasupuka ngati kabichi. Woyera wa makabati a kukhitchini, madzi amaterereka pamwamba koma amamwera m'mbali. Wopirira anali wakuda woterera uja, shatabodi, amene omanga nyumba amathirapo konkire, ndiponso wina wotchedwa malini, wa mizere ya guluu wakuda, wopanda mphako ngakhale imodzi. Awiri amenewa, kuti muwawaze ndi nkhwangwa, thukuta linkachita kamukamu.

Madzi a m'mipopi atasanduka alendo, banjali linakumbitsa chitsime pabwalo monga anachitira anansi onse. Chinali chakuya, ndipo pakamwa pake anangoikapo lata lakale ndi mwala.

Tsono mwana wawo Marjory ankagwira ntchito m'tauni, ndipo m'mawa uliwonse asanakwere minibasi, imene kuno amati kombi, ankasiya kamwana kake ka zaka zitatu, Tadiwa, kwa a Florida. Kamtsikanako kanali mtima wawo. Pabanja ponse ndi kokhako kamene ukakalankhula m'Chichewa kankayankha m'Chichewa, pomwe mayi ake enieniwo amayankha m'Chishona.

Tsiku lina Marjory anapeza Tadiwa akudumphadumpha pafupi ndi lata lija. Anauza amayi ake kuti chitsimecho chikapanda kuvundikiridwa bwino, mwana azikamusiya kwa apongozi ake ku Unit K. "Handisi kutamba, mhamha," anatero m'Chishona, ndipo nkhope yake inkasonyezadi kuti sakuseka.

A Florida anachita mantha. Madzulo anauza amuna awo mwaulemu kuti, "Bambo a Marjory, mukagule wakuda uja wa konkire."

"Wakudayo ngwa anthu omanga zimbudzi," anatero a Cyprian. "Pakhomo pa mmisiri alendo azidzaona chiyani? Inu dziwani mapoto anu."

Anabwera ndi wa nkhope ya mlombwa. Anamukwecha masiku awiri, vanishi katatu pamwamba, chogwirira chonyezimira pakati. M'mbali ndi kunsi, kumene kumayang'anizana ndi madzi, anangosiya choncho. Uchitsiru wina umachita kuvala tayi. Anaitananso a Obadiah a nyumba yoyandikana nayo kuti adzasisite nawo.

A Florida sanakangane nawo. Anatola kachidutswa kotsala, n'kukawiritsa mumphika, ndipo pasanathe ola kanali katamasuka zipepalazipepala. Anakaika m'mbale, n'kukatula patsogolo pa amuna awo. A Cyprian anangoyang'ana kamodzi.

"Chitsime sichiwira," anatero.

Kuyambira pamenepo a Florida ankakhala ndi Tadiwa kumsana kapena pamiyendo, osamulola kufika pakati pa bwalo. Mvula ya Disembala inkamenya chivundikiro pamwamba, chinyezi cha m'chitsime n'kumadya kunsi. Pofika kumapeto kwa Januwale m'mbali munali mutatupa, koma pamwamba pankawalabe, ndipo a Cyprian ankapukutapo ndi kansalu m'mawa uliwonse.

Loweruka lina masana Marjory anabwera ndi Tadiwa kudzacheza. Anagwada pachitsime, n'kukanikiza m'mbali ndi chala. Chala chinalowa.

"Baba, ichi chii?" anafunsa, chala chili m'thabwa.

Munthu wanzeru akanapepesa. A Cyprian ayi. Kufunsidwa ndi mwana wobereka okha, a Obadiah akumvera pampanda, kunawapweteka koposa. Anadzuka pampando, n'kukonza lamba, n'kukwera pachivundikiro ndi miyendo yonse iwiri. Anafika mpaka pogunda ndi chidendene.

Thabwa silinachite phokoso n'komwe. Linangoti fwaa, mwendo wakumanja n'kulowa mpaka m'ntchafu. Nsapato inavuka, ndipo panapita kanthawi ndithu onse asanaimve ikuti chubwi pansi penipeni. A Florida anayang'ana mwana wawo, n'kuona kuti Marjory sakuyang'ana bambo ake koma Tadiwa.

A Obadiah anadumpha mpanda n'kuwazula a Cyprian. Marjory analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kachikwama ka mwana, kapu yake, ndi kabulangeti komwe kankakhala pabedi pa agogo.

Lolemba sikunabwere munthu. Lachiwiri a Florida anapita okha ku Nyatsime, kumene anthu akumanga, n'kukapempha shatabodi wogwiritsidwa kale ntchito, wothimbirira ndi simenti. Anamusenza pamutu kuchokera pa kombi, n'kudzamuika pachitsime, n'kuimapo iwo eni. Thabwa silinagwedere. Anatumiza uthenga kwa Marjory kangapo, yankho lake n'kumakhala lakuti aona.

A Cyprian mpaka lero amati vuto linali vanishi wa masiku ano. Mbali imene sinabooke anaikwechanso n'kuipachika pabalaza.

A Florida anadzakumana ndi mdzukulu wawo pa Isitala, pakhomo la tchalitchi. Anagwada n'kumufunsa kuti, "Wadzuka bwanji, mwanawe?" Tadiwa anayang'ana kaye amayi ake, kenako anawomba timanja mwaulemu ngati kwa mlendo.

"Makadii, gogo," anawalonjera m'Chishona.