Malaya a Fundi Shomari Okaonera Pansi pa Nyanja

Pa chilumba chathu cha Mafia mwana wamwamuna amadziwa kusambira asanadziwe kumanga thalauza, koma Fundi Shomari anafika zaka makumi asanu nyanja akuidziwa ndi fungo lokha. Anabadwa wachialubino m'banja la asodzi okhaokha, ndipo mayi ake atangomuona khungu anagamula tsiku lomwelo kuti uyu ndi wa pamthunzi. Anzake akamathamangira kumadzi ali mbulanda, iye ankatsala pansi pa mtengo wa mango, chipewa chachikulu kumutu, malaya ofika m'zikhatho, akuwatemberera chapatali kuti akamwe madzi amchere mpaka mimba ziphulike. Pakamwa paja ndi pomwepo mpaka lero.

Atasinkhuka anamupereka kwa telala wina ku Kilindoni, pajatu makina osokera sakhala padzuwa. Maso ake ndi ofooka, ndiye amasoka nkhope ili pafupi ndi singano moti ungati akununkhiza nsalu. Ife timamuseka kuti tsiku lina adzasokerera mphuno yake ku diresi la mkwatibwi, iye n'kumayankha kuti zikadzatero diresilo lidzakwera mtengo. Koma msoko wake, abale inu, ndi wowongoka zedi.

Mkazi wake, Bi Mwajabu, ndi wa m'madzi kwathunthu. Madzi akaphwa amatenga chitsulo chake n'kupita kumatanthwe kukasaka pweza, nyama ija ya miyendo isanu ndi itatu, ndipo amabwerako mchere uli mbuu m'miyendo. Atakwatirana anthu ankati banjali silitha chaka. Lero mwana wawo Zuhura ali kale pabanja, pomwe olosera ajawo ena anasudzulana kalekale. Kabowo ka singano Shomari sakaona, choncho wolowetsa ulusi m'makina ndi Mwajabu, m'mawa asanatsikire kunyanja.

Ndiye kunayamba kubwera alendo, awa oyandama chafufumimba pamwamba pa madzi, magalasi kumaso, kapaipi kopumira pakamwa, akuyang'ana matumbawe, miyala yamoyo ija momwe nsomba zimaswerana. Asanalowe m'madzi ankadzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa mpaka kuchita chinyezi, ndipo boti likachoka pamadzi pankatsala kamafuta kali nyezinyezi. Amayi osaka pweza anayamba kung'ung'udza. Anthu ena ophunzira za m'nyanja atadzanenanso kuti ena mwa mafutawa amadwalitsa matumbawe, Mwajabu anaimirira pamsonkhano wa m'mudzi mwathu n'kulankhula mpaka eni maboti onse anawerama. Anapangana kuti mlendo wodzola mafuta asamalowe m'madzi pa matanthwe a kwathu.

Pangano linali labwino, koma misana ya alendo! Ankabwerako atafiira ngati nkhanu zowiritsa, osatha kutsamira pampando. Mmodzi wa eni mabotiwo, Nahodha Mbwana, ndi mlongo wake wa Mwajabu, ndipo ndi iye amene anafika pakhonde la Shomari atagwira mutu.

"Alamu, mkazi wanu wandiphera ntchito. Alendo akundithawa."

"Ameneyo ndi mlongo wanu, munalera nokha," anatero Shomari osadzutsa nkhope. "Inu mumadziwa nyanja, koma dzuwa ndi mdani wanga ine, ndimadziwa pomwe limalowera. Kumbuyo kwa khosi, kunsonga za makutu, kuseri kwa mawondo. Kandigulireni majezi a mpira a pakaunjika, otanuka aja, ambirimbiri."

Umu ndi momwe malaya a Fundi Shomari anayambira: manja aatali, kolala yokwera mpaka m'makutu, thalauza lofika m'akakolo, zonse zolumikizalumikiza za matimu odana. Alendo anawakonda mopenga. Akatuluka m'madzi ankadutsa pakhonde pake kudzathokoza, tsitsi likudontha, akulankhula mopikisana za nsomba zachikasu, zamizeremizere, za kamba wa m'nyanja amene anawayang'ana m'maso. Ankamuonetsa zithunzi pafoni, iye n'kuika foniyo pamphuno, osaona kanthu kupatula mbuu wobiriwira. Ankaseka nawo ndithu. Koma akapita, makina ankakhala chete nthawi yaitali. Zinkamuwawa Shomari kuti munthu wochokera kutsidya kwa dziko wadzaona za kuseri kwa nyumba yake, mwini wake asanaoneko.

Vuto linali lakuti chaka chathacho pakhosi pake panatuluka chilonda chosapola, ndipo madokotala ku Dar es Salaam anachita kuchidula. Anamupatsa mafuta oteteza khungu, n'kumuuza mosapita m'mbali kuti dzuwa likapitiriza kumupeza, chotsatira sichidzadulika. Mwajabu anamva mawu amenewo ali pompo, ndipo kuchokera tsiku limenelo ankamulondera mwamuna wake ngati nkhuku ya anapiye.

Tsiku lina Mwajabu anapeza malaya atsopano osokedwa theka ali pamakina. Anawanyamula, n'kuwatambasula, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Bambo a Zuhura, mlendo uti wa mimba yofanana ndi yanu chonchi?"

"Alipo. Wa ku Italiya."

"Wa ku Italiya wa phewa limodzi lotsika ngati lanu? Asa! Mukufuna mundisiyire umasiye chifukwa cha nsomba? Nsomba ndimakubweretserani m'mbale tsiku ndi tsiku!"

"Zakufa, mayi a Zuhura. Ndikufuna ndizione zikuyenda. Kamodzi kokha."

Mwajabu anangosolola ulusi m'singano ya makina n'kunyamuka ulendo wa kunyanja. Mawa lake sanalowetse, mkuja wakenso ayi. Shomari anaitana mlamu wake, ndipo mudzi wonse unaonerera Nahodha Mbwana, munthu wa zala ngati chinangwa, akulimbana ndi kabowo ka singano, lilime lili panja, thukuta lili kamukamu.

"Alamu," anatero Mbwana atatopa, "bwanji mungodzola mafuta anu a kuchipatala aja thupi lonse? Tonse tagwirizana kuti inu pangano silikukukhudzani. Munthu mmodzi sangaphe nyanja."

"Ndikaone munda wa mkazi wanga nditanyamula zimene iye analetsa? Mafutawo mwina ndi abwino, mwina ayi, ine sindidziwa. Ndidzadzola ndikatuluka. M'madzimo ndilowa ndi nsalu, ngati alendo anga. Lowetsani ulusiwo, musandichedwetse."

Mwajabu anali kuseri akupala kokonati, ndipo anamva zonse. Madzulo anabwera, n'kukankha mlongo wake ndi chigongono, n'kulowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi.

"Mukapita m'mawa dzuwa lisanakwiye," anatero. "Chingwe m'chiuno, ndipo wogwira chingwecho ndine. Ndikakoka, mwatuluka. Mukatsutsa, ndikusiyani komweko mukakwatire kamba."

Tsikulo litafika, Shomari anatuluka m'nyumba ali chinthu china. Mkono uwu wofiira, uwu wachikasu, pamimba nambala naini, kumsana dzina la wosewera amene palibe ankamudziwa. Mutu wonse unali m'chisoti chansalu chotsekera ndi khosi lomwe, chongosiya malo a magalasi ndi kapaipi. M'manja magolovesi, kumapazi masokosi a mpira. Amayi a pachitsime anatula ndowa kuti aseke bwino. Wogulitsa mandasi anafunsa ngati timuyo ikulandira osewera ena. Shomari anangokweza dzanja ngati phungu pa kampeni, n'kumayenda monyang'wa mpaka pa boti.

Kusambira sadziwa, ndiye anamuveka jekete yoyandamitsa n'kumutsitsira m'madzi ngati thumba la mpunga. Poyamba anamwa madzi, n'kutsokomola, n'kutukwana mlamu wake kudzera m'kapaipi. Kenaka anaika nkhope pansi. Anakhala kanthawi, n'kudzutsa mutu.

"Palibe chimene ndikuona," anatero, mawu atazilala. "Mbuu yemwe uja wa pafoni."

Mbwana anayang'ana kumbali. Palibe amene anaganiza kuti pamalo pomwe alendo amaonera m'pakuya kwambiri kwa maso a Shomari. Mwajabu anamanga chitenje chake cha kanga molimba, n'kudumphira m'madzi, n'kuyamba kumukoka mwamuna wake ndi chingwe kulowera kosaya, kumene iye amasakako pweza. Anaima pakamchenga pakati pa matanthwe, madzi akumulekeza pachifuwa.

"Miyendo musagwedeze, mungathyole matumbawe anga. Manja pindani. Khalani duu ngati mtembo."

Kukhala duu ndiye ntchito imene Shomari waigwira moyo wake wonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Alendo amapalasa madzi, nsomba n'kumathawa, koma chinthu cha mitundumitundu ichi chinangoyandama phee, ndipo nsomba zinabwera zokha kudzachifufuza. Kansomba kena kachikasu kanafika mpaka pagalasi penipeni, pamtunda womwe iye amaonera singano, n'kumuyang'ana. Kanabwera kena kamizere yakuda, kenaka gulu la tobiriwira tonyezimira. Pansi pake matumbawe anali pafupi, ena ngati nyanga za mbawala, ena ofiirira ngati maluwa, ndipo kuwala kwa m'madzimo kunali kofewa moti kwa nthawi yoyamba masana Shomari anatsegula maso onse osatsinzinira. M'kapaipi munayamba kutuluka phokoso losadziwika bwino, kaya kuseka kaya kulira. Mwajabu anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana msana wa mwamuna wake. Anayenera kukoka chingwe pamenepo, koma dzanja linakana, ndipo anamusiya kanthawi kena.

Atafika kunyumba anamulowetsa m'chipinda, n'kumuvula, n'kuyamba kumuyendera thupi lonse ngati wogula mbuzi. Khosi linali bwino. Makutu, msana, kuseri kwa mawondo, zonse bwino. Atafika kumwendo wamanzere anaima. Sokosi inali itatsetsereka, ndipo pamwamba pa kakolo panali kamzere kofiira psuu, kokula ngati chala.

Mwajabu anakhala pansi mwendowo uli pamiyendo pake, misozi n'kuyamba kugwa. Anali ndi mantha enieni, ndipo anadzida yekha chifukwa cha kanthawi kaja anachedwa kukoka chingwe. Anatenga nsalu yonyowa n'kumaika pamalopo.

"Mayi a Zuhura," anatero Shomari chapansipansi, "zaka zonsezi mumapita kumeneku tsiku ndi tsiku, osandiuzako kuti n'kokongola chonchija?"

"Ndikanakuuzani mukanagona tulo inu? Ndimati chimene simuchidziwa sichingakupwetekeni."

"Kachikasu kaja kanandiyang'ana, mwamva? Ine ndemwe. Koma basi, ndaona. Ndinati kamodzi, ndipo kamodzi kakwana. Musalire."

Anatero akumwetulira, koma Mwajabu wakhala naye nthawi yaitali, amadziwa mawu ake akamanama. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya kanga, n'kutola thalauza lonyowa lija, n'kutola sokosi, n'kuziyang'anitsitsa pomwe zinalekana. Kenaka anamuponyera zonse pachifuwa.

"Telala wa mtundu wanji wosiya mpata pakakolo? Masokosiwa muwasokerere ku thalauza, chikhale chinthu chimodzi. Madzi akadzaphwanso bwino mwezi ukakhala, ndikakuonetsani pomwe pamagona kamba."